Nyumba, Nthaka Imene Yaimapo, ndi Amene Amagonamo

Khutba yoyamba

Kuyamikidwa konse n'kwa Allah, Mwini thambo ndi nthaka, amene adayala dziko kuti akapolo ake apondepo, nameretsa udzu wofolera ndi mitengo ya phaso, naika m'dothi mphamvu yogwirana kuti likaumbidwa lisanduke khoma. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo wake ndiponso Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake, ndi pa Maswahaba ake onse.

Abale anga olemekezeka, akuluakulu, amayi athu amene mwakhala kumbuyoko, ndi inu achinyamata: ndikudzilangiza ndekha poyamba, kenaka inu, kuti tiope Allah poyera ndi mseri.

Ino ndi nyengo ya njerwa. Aliyense amene wayenda pa msewu wa ku Ntengo-wa-Mbalame masiku ano waona zikombole m'mbali mwa madambo ndi utsi wa mauvuni. Mbatata ya kachewere yakwera m'malole, fodya wa ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo wagulitsidwa, ndipo kandalama kamene kalowa m'thumba kakufunsa mwiniwake kolowera. Ambiri mwa inu mwati kapite ku nyumba, ndipo mwaganiza bwino. Koma m'masabata apitawa anthu atatu andifikira pakhomo, aliyense payekha, ndipo palibe amene adadza kudzafunsa mtengo wa simenti. Wina adamanga pa malo amene tsopano akuti ndi a eni ake. Wina ndi mayi wamasiye. Wina akufuna kukakongola ku banki. Sinditchula maina awo, koma nkhani zawo ndizo zandipatsa khutba ya lero.

M'Chiarabu nyumba ili ndi maina angapo, koma tigwirepo awiri. Loyamba ndi bayt, lochokera ku liwu lotanthauza kugona usiku. Lachiwiri ndi maskan, lochokera ku tsinde limodzi ndi sukun. Ana athu a ku madrasa akuidziwa sukun: ndi kachizindikiro kozungulira kaja kamene kakakhala pamwamba pa chilembo, chilembocho chimaleka kugwedezeka n'kukhala phee. Mu Surat An-Nahl, ndime ya 80, Allah akuwerengera pakati pa mitendere yake kuti nyumba zathu adazichita kukhala malo a bata limeneli. Choncho si denga lililonse limene lili maskan. Wapaulendo wogona pakhonde la sitolo pa Biri-Biri podikira galimoto ali pansi pa malata, koma sali pakwawo. Munthu akhoza kumanga ya zipinda zisanu, ya magalasi ndi utoto, koma ngati agona khutu lili panja kumvetsera amene adzabwere kudzamuchotsa, ameneyo ali ndi pogona chabe, bata alibe. Tikamakamba za nyumba yotsika mtengo timathamangira kuwerenga njerwa ndi malata. Ine ndikuti mtengo waukulu wa nyumba uli pansi pake: ufulu wokhalapo osachotsedwa.

Taonani m'mene Mtumiki, Swalla Allahu alaihi wasallam, adayambira atafika ku Madina m'chaka cha 622. Iye ndi Amuhajiruna adasiya nyumba zawo ku Makka, ndipo zina mwa izo zidatengedwa ndi kugulitsidwa ndi amene adatsala. Adafika ngati mlendo, nasungidwa kwa Abu Ayyub al-Ansari miyezi ingapo. Malo amene ngamira yake idagwada adali bwalo loyanikirapo tende, la ana awiri amasiye, Sahl ndi Suhayl. Anawo adafuna kungopereka ulere. Mtumiki adakana kufikira adagula. Lingalirani bwino: mtsogoleri wofuna kumanga mzikiti, osati sitolo, akukana mphatso ya nthaka yochokera kwa ana amasiye. Pambali pa mzikitiwo adamanga tizipinda ta akubanja lake, ta zidina ndi nthambi za kanjedza, tofupika kotero kuti Hasan al-Basri, amene adatilowa ali mnyamata, adasimba kuti ankafikira denga ndi dzanja. Makomawo adali a munthu wosauka, koma nthaka yake idalibe misozi ya wina aliyense.

Ife a m'mapiri muno tiyenera kuimva nkhaniyi kuposa ena, chifukwa m'moyo wa munthu mmodzi tasamutsidwa kangapo ndi maganizo a anthu ena. Pa nthawi ya Apwitikizi lamulo lidatitcha indígena, ndiko kuti mbadwa. Liwulo palokha si loipa, limangonena kuti iwe ndiwe wa pano. Koma m'malamulo awo, kufikira pamene adawafafaniza mu 1961, lidatanthauza munthu wopanda ufulu wa nzika pa dziko lobadwira. Mbadwa inkakhoma msonkho, umene iwo ankaulemba mussoco, koma nthaka yachonde ikafunidwa ndi mtsamunda, mbadwayo ndiyo inkasuntha. Nkhondo ya ufulu itafika ku Tete kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anthu zikwizikwi adasonkhanitsidwa mokakamiza m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, yotchedwa aldeamento, nyumba zili m'mizere, minda ndi manda a makolo zitatsala kutali. Ufulu utabwera mu 1975 kudadza midzi ya pamodzi, aldeia comunal, ndipo minda ikuluikulu ya atsamunda kuno ku Angónia ndi Tsangano idasanduka minda ya boma pansi pa CAIA. Cholinga adati n'choti sukulu, chipatala ndi mjigo zikhale pafupi ndi anthu, ndipo sindikana kuti ambiri adafuna zabwino. Koma wosamukayo sadafunsidwe mokwanira.

Kenaka idadza nkhondo ya pachiweniweni. Ndidali mnyamata wa zaka 16 mu 1986 pamene tidaoloka usiku kulowa m'boma la Ntcheu, mayi anga atasenza mphika ndi mphasa, pa malire omwewa amene lero timadumpha kukagula sopo. Dziko la Malawi lidasunga Amozambiki oposa miliyoni imodzi. Allah awalipire zabwino eni midzi amene adatipatsa pomanga zisakasa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tidabwerera chaka chotsatira. Nyumba ya bambo tidaipeza ili mulu wa dothi. Chidatsala ndi mafuwa atatu ndi mitengo ya mapichesi. Pamalopo tidapezanso banja lina, lotitsogolera pobwerera, litayamba kale kulima. Pepala tidalibe. Amene adatibwezera malo ndi agogo ena achikazi, osadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, osakhala Asilamu, amene adaima pamaso pa mfumu nati: mitengo iyi adabzala ndi atate a ana awa, ndipo mzere wa nkhadze uwo ndiwo malire. Mfumu idaweruza mwanzeru, banja lija lidapatsidwa malo ena chakumunsi, ndipo mpaka lero timapalana moto.

Zimene adachita agogo aja, patapita zaka zinayi zidalowa m'lamulo la dziko. Ndidaliwerenga lamulo la nthaka, Lei de Terras, nambala 19/97 la pa 1 Okutobala 1997, m'Chipwitikizi chake, ndipo ndikufuna mulimve m'chinenero chathu, pakuti ambiri mumaopa chinthu chimene chidalembedwa kuti chikutetezeni. Nthaka yonse ya Mozambique ndi ya boma. Siigulitsidwa ndipo siipinyolitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito nthakayo ndi kupindula nayo, umene mwachidule amautcha DUAT. Mudzi kapena munthu wokhala pa malo motsata mwambo wa makolo ali nawo kale ufuluwu. Mmozambiki amene wagwiritsa ntchito malo mwa mtima woona kwa zaka zosachepera 10 ali nawonso. Njira yotsalayo ndiyo yolembera kalata ku boma, ndipo ndi imene amadzera makampani ndi alendo. Lamulolo likunenetsa kuti kusowa chikalata sikuchotsa ufulu wa mudzi kapena wa munthu wa zaka 10 uja, ndi kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, ndi umboni wovomerezeka. Ufulu wa kampani umathera pa zaka 50, ngakhale ungathe kuwonjezedwa. Wa mudzi, wa munda wa banja ndi wa nyumba yokhalamo mwiniwake ulibe malire a zaka. Ndipo mwini akamwalira umasiyidwa kwa olowa m'malo, amuna ndi akazi.

Amene adaphunzirako fiqh sadabwa nazo izi. Pali khomo lotchedwa ihya al-mawat, kudzutsa nthaka yakufa: wolambula ndi kulima malo opanda mwini ndiye woyenera malowo. Umar bin al-Khattab, Allah akondwe naye, adalanda kwa Bilal bin al-Harith gawo la chigwa cha Aqiq limene adalephera kulilima, naligawira ena. Nthaka ndi ya woigwiritsa ntchito, si ya woitchingira mpanda n'kumadikira kuti ikwere mtengo.

Tsono m'bale woyamba uja. Adapereka ndalama madzulo, ali awiriwiri ndi wogulitsa, popanda mfumu, popanda woyandikana naye malo, popanda pepala. Wamanga kufika pa mawindo, ndipo tsopano atulukira amalume a wogulitsayo kunena kuti malowo ndi a mbumba yonse, mphwawoyo adalibe mphamvu yowapereka. Amalumewo akunena zoona. Dziwani, abale anga, kuti chimene lamulo limalola kugulitsa ndi zimene dzanja la munthu laika pa nthaka: nyumba, chitsime, mitengo yobzala. Wokuuzani kuti akukugulitsani nthaka yopanda kanthu, mwamseri, akukugulitsani mlandu. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqara, si ya Swala kapena ya kusala. Ndi yolamula kulemba ngongole ndi kuika mboni, ndipo ikutchulanso za mboni pa malonda. Allah akudziwa kuti anthu amaiwala, amamwalira, ndipo ena amasintha mtima ndalama zikatha. Agogo amene adatiikira umboni ife adagona kalekale. Ana anu adzaitana yani?

Ndipo inu amene muli ndi mphamvu pa malo, kaya ndinu anyakwawa, alembi a mudzi kapena eni mbumba, opani Allah. Kupereka malo amodzi kwa anthu awiri, kusuntha nkhadze usiku, kukankha mzere wa munda khasu limodzi chaka chilichonse: zonsezi zili ndi dzina limodzi. Said bin Zayd, mmodzi mwa khumi olonjezedwa Janna, atanenezedwa ndi mayi wina kuti adamulanda gawo la malo, adayankha kuti sakadatero atamva yekha kwa Mtumiki chilango cha wolanda nthaka ngakhale ya muyeso wa chikhatho: kuti nthakayo idzakolekedwa m'khosi mwake tsiku la Qiyama, kuzama kwake konse. Chikhatho chimodzi. Yesani ndi dzanja lanu muone kuchepa kwake.

Musaganize kuti kusamutsidwa kudatha ndi nkhondo. Pitani kumunsi kuno ku Moatize. M'zaka za 2009 ndi 2010, kuti mgodi wa malasha wa kampani ya Vale utsegulidwe, mabanja oposa 1,300 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithethe ndi Malabwe adachotsedwa pa malo awo. Oposa 700 adapititsidwa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize; ena ku bairro ya 25 de Setembro. Ku Cateme adapeza nyumba za simenti ndi malata, zoti woona ndi maso akadati anthuwa atukuka. Koma posakhalitsa makoma adayamba ming'alu ndipo madenga adayamba kudontha. Adalonjezedwa mahekitala awiri a munda pa banja, nalandira imodzi poyamba, ndipo ambiri adadandaula kuti ndi ya miyala. Kwawo kwakale adali pafupi ndi mtsinje wa Revúbuè ndi msika, ankaumba njerwa, ankagulitsa nkhuni ndi ndiwo za kudimba. Kumalo atsopanoko zimenezi zidatsala m'mbuyo. Pa 10 Januwale 2012 anthu mazanamazana adakakhala pa njanji natsekereza sitima ya malasha, ndipo apolisi adawabalalitsa mwa mphamvu. Mu Ogasiti chaka chomwecho boma lidatulutsa Decreto 31/2012, malamulo a kasamutsidwe ka anthu, amene akufuna kuti wosamutsidwa akakhale moyo wofanana kapena woposa wakale. Lamulolo lidabadwa chifukwa anthu adayankhula.

Za ku Cateme zikutiphunzitsa kuti nyumba si makoma anayi. Nyumba ya mlimi ndi khoma, munda, madzi, njira ya ku msika ndi manda a makolo. Kuchotsapo zinayi n'kusiya khoma, ngakhale likhale la simenti, mwamusaukitsa munthuyo. Kuno kwathu nthaka ndi yabwino, mvula siinama kawirikawiri, ndipo ofuna malo aakulu sadzaleka kubwera. Sindikuti tiwakane onse, ntchito tikuifuna. Koma lamulo likuti boma lisanapereke malo kwa wopempha, mudzi uyenera kufunsidwa. Msonkhano wotero ukaitanidwa, pitani, ndipo amayi apite nawo, pakuti ndiwo adziwa kumene kuli kasupe ndi kumene amatola nkhuni. Musadinde chala pa pepala limene silidawerengedwe m'Chinyanja pamaso pa onse. Lonjezo lililonse lilembedwe ndi tsiku lake. Mudzi uthanso kupempha kuti malire ake ayendedwe ndi kulembedwa, ulandire chikalata chake. Ndipo mu 2015 boma lidayambitsa ndondomeko ya Terra Segura yolembera malo a mabanja. Kafunseni ku maofesi a distrito. Ufulu muli nawo kale ngakhale popanda pepala, koma pepala limayankhula pamene mboni zagona.

Tsopano ndifike pa chimene chandilemera mumtima. Tadandaula za mtsamunda, za msilikali ndi za kampani. Koma mayi wamasiye amene adandifikira sadachotsedwe ndi mmodzi wa amenewa. Mwamuna wake adaikidwa m'manda Lachiwiri. Pofika Lamulungu abale a malemuyo adali atakwera padenga ndi nyundo, kuzula malata amene mayiyu adagula nawo limodzi ndi ndalama ya mbatata imene adapalira ndi manja ake, mwana ali kumsana. Adati malata ndi a m'bale wathu. Ana atatu adagona akuona nyenyezi, m'chisanu cha kuno chimene mukuchidziwa. Ndikufunsani: tikusiyana pati ndi amene adatithamangitsa ife?

Imvani chilamulo, kuti wina asadzanene kuti sadadziwe. Mkazi woferedwa amakhala edda ya miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo malo ake okhalira ndi nyumba imene imfa ya mwamuna idampezamo. Umo ndi m'mene Mtumiki adalamulira Furay'a bint Malik. Chuma chisanagawidwe, chimene mkaziyo adapeza ndi thukuta lake chimachotsedwa, chifukwa si cha malemu. Pa chotsalacho, ngongole ndi wasiya zitalipidwa, Surat An-Nisa ikumpatsa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu ngati pali ana, kapena limodzi mwa anayi ngati palibe. Makolo a malemu ali ndi gawo lawo, ana aakazi ndi aamuna ali ndi lawo, ndipo pamene pali mwana wamwamuna, achimwene ndi alongo a malemu salandira kanthu. Sura yomweyo, ndime ya 10, ikufanizira kudya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo ndi kudzaza moto m'mimba. Lamulo la dziko nalonso, Lei das Sucessões la mu 2019, lidaika wamasiye m'gulu loyamba la olandira cholowa pamodzi ndi ana. Wozula malata aja alibe pothawira, kwa Allah ngakhale ku khoti. Ndipo ndikupemphani, nikah imene tamanga muno mukailembetse ku Registo Civil. Lamulo la banja limauzindikira ukwati wa chipembedzo ukalembetsedwa, ndipo kapepala kameneko kadzaima pakhomo tsiku limene inu simudzatha kuimapo.

Lupangali lili ndi mbali ziwiri. Kuno ena amatenga mkazi kupita naye kwawo, ena amakakhala chikamwini. Mkamwini amene wakhala zaka makumi awiri, mkazi akamwalira, n'kuuzidwa kuti atenge khasu lake azipita, nayenso walandidwa. Ndipo mukudziwa zotsatira zake: mwamuna woganiza kuti tsiku lina adzapirikitsidwa safuna kuwotcha njerwa pamudzi wa mkazi wake, ndalama amakabisa kwa alongo ake, ana ake n'kumakulira m'nyumba yodontha. Mwambo wosunga nthaka m'manja mwa mbumba uli ndi nzeru yake, ndipo sindikuunyoza. Ndi umene udatisungira malo pamene tidali ku Malawi. Koma akuluakulu a mbali zonse ziwiri akhale pansi nyumba isanamangidwe, anene poyera kuti nthaka ndi ya mbumba, nyumba ndi ya banjali ndi ana awo, ndipo wotsala adzakhalamo. Zilembedwe, mfumu isainire.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mpempheni, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

Khutba yachiwiri

Kuyamikidwa n'kwa Allah, Wopereka rizq kwa wolemera ndi wosauka, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake.

Akapolo a Allah, watsala m'bale wofuna kukongola. Adadabwa kuti banki siilandira malo ake ngati chikole. Nthaka yosagulitsidwa banki singailande, ndipo chimene singalande siikongozerapo; imayang'ana nyumba yomangidwa kale yokhala ndi zikalata, kapena malipiro a pamwezi. Vutoli si lathu lokha. Mbadwa za ku Canada ndi ku United States, zokhala pa malo osungidwira mafuko awo, zili m'khwalala lomweli: nthaka ndi yotetezedwa kuti isalandidwe, koma mabanki amazengereza, ndipo mabanja ambiri amapanikizana m'nyumba imodzi. Boma la United States lidachita kukhazikitsa mu 1992 ndondomeko yotchedwa Section 184 yoimira chikole pa ngongole zotere. Kwathu kuno kuli thumba la boma la nyumba, Fundo para o Fomento de Habitação, la mu 1995, koma ntchito zake zambiri zili m'mizinda, ndipo mlimi wa ku Tsangano wolandira ndalama kamodzi pachaka sizimufika.

Ndidamuuza m'baleyo kuti chitseko chimene chamutsekekeracho mwina ndi chifundo. M'chaka cha 2023 chiwongoladzanja choyambira cha mabanki a m'dziko muno chidapitirira 20 pa 100. Wokongola mametikali 200,000 pa mlingo wa 20 pa 100, chaka choyamba chokha ayenera kupeza 40,000 yongolipira phindu la wokongozayo, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe. Mbatata ikagwidwa ndi chiwawu, kapena mtengo ukagwa pa msika, adzaitenga kuti? Nanga katapila wa m'mudzi, wobweza theka pamwamba mwezi ukatha? Ndime za kumapeto kwa Surat Al-Baqara zikuchenjeza wosaleka riba za nkhondo yochokera kwa Allah ndi Mtumiki wake, ndipo palibe nyumba imene ingaime pa bwalo la nkhondo yotero.

Njira zoyera zilipo, ngakhale n'zochedwa. Chipereganyo, chimene abale a kummwera amati xitique, maulama ambiri adachiloleza, chifukwa aliyense amalandira ndendende zimene adaponya. Anthu khumi okhulupirika, kaundula mmodzi, mboni ziwiri, ndipo aliyense tsiku lake likafika agule malata tsiku lomwelo. Ndikuti tsiku lomwelo, chifukwa ndalama yogona m'nyumba ili ndi miyendo. Ife a m'malire timagwira makwacha ndi mametikali omwe, ndipo mukukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Amene adasunga makwacha pansi pa mphasa adadzuka atasauka. Amene adali ataimika malata kuseri kwa chitseko sadataye ngakhale limodzi. Amalonda a muno, inunso muli ndi khomo la malipiro: qard hasan, ngongole yabwino yopanda phindu, kapena kugulitsa malata pa mtengo umodzi wodziwika, wolipira pang'onopang'ono, umene sukwera munthu akachedwa.

Mangani monga mwa mphamvu zanu. Zipinda ziwiri zofoleredwa zikuposa zisanu ndi chimodzi zoima pa lintala zaka zisanu, mvula ikusungunula matope. Ndalama yochepa ipite kumene nyumba imafera: kumapazi ndi kumutu. Maziko akhale a miyala, okwera kuposa bwalo, ndipo muyale pulasitiki yakuda pamwamba pake kuti chinyontho chisakwere khoma. Denga litulukire ndithu kunja. Khoma la zidina kapena la mdindo lokhala ndi khonde labwino limakhalitsa kuposa la njerwa zowotcha lomenyedwa ndi mvula. Phaso limangidwe ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa, osati kungosanjika miyala pamwamba pa malata. Mkuntho wa Ana mu Januwale 2022 udagwetsa mlatho wa pa Revúbuè. Denga longokhomera misomali ungalichite chiyani? Musamange m'dambo kapena m'mphepete mwa mtsinje chifukwa choti malowo ndi aulere. Chimbudzi chikumbidwe nyumba isanalowedwe, kutali ndi chitsime, pakuti twahara siyambira pa mzikiti. Ndipo uvuni uliwonse umadya mitengo. Amene wawotcha chaka chino abzale bulugamu mvula ikagwa, kuti mwana wake adzapeze phaso.

Asilamu m'dera lino tili ochepa, ndipo oyandikana nafe ambiri ndi a mipingo ina ndi a miyambo ya makolo. Ufulu wa mnansi m'Chisilamu sufunsa chipembedzo chake. Makolo a kuno adali ndi dima: lero tonse kwa uyu, mawa tonse kwa uyo. Ansar a ku Madina adachita zoposa pamenepo, adagawana nyumba zawo ndi alendo. Zakaat ya mbewu zimene mwakolola ndi ya malonda anu itha kuperekedwa kwa wosauka kuti afolere nyumba, pakuti pogona ndi chosowa chenicheni monga chakudya.

Za mayi wamasiye uja, akuluakulu a mzikiti adakhala pansi ndi mfumu ya mudziwo ndi abale a malemu, ndipo malata khumi ndi awiri abwezedwa. Allah awalandire kulapa kwawo. Asanu ndi limodzi adali atagulitsidwa kale, ndipo phaso lina lidathyoka pozula. Bokosi lili pakhomo potuluka. Mawa Loweruka ikatha Swala ya Fajr tikumane pano; amisiri abwere ndi nyundo ndi sowo, achinyamata ndi makwerero, ndipo amene ali ndi mitengo ya bulugamu yowuma auze muadhini lero lomwe kuti ngolo ikatenge madzulo ano.

E Allah, tikhululukireni machimo athu, ndipo mutipatse bata m'nyumba zathu. E Allah, tchinjirizani manja athu ku nthaka ya eni ake ndi ku chuma cha ana amasiye. E Allah, apatseni pokhala amene alibe, abwezereni kwawo amene adathawa nkhondo ku Cabo Delgado, ndipo mulimbikitse atsogoleri athu ndi mafumu athu pa chilungamo. E Allah, chitirani chisoni makolo athu amene adagona kuno ndi amene tidawasiya m'manda a kuchilendo. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, pa akubanja lake ndi Maswahaba ake.

Imirirani tiswali.